Kalata yomuchitira umboni alembe ndani?

Azakhali,

Mwana wathu wamkazi akumaliza digiri ya sayansi ku America ndipo akufuna kulowa sukulu ya ukatswiri woyeza maso. Akuti pakufunika makalata omuchitira umboni. Bambo ake akuti alembe ndi amalume ake, omwe ndi bwana wamkulu m'boma, pomwe ine ndikuti abusa athu amene adamubatiza. Mwanayo wakana zonse ziwiri, moti bambo ake akuti wayamba mwano ndipo aleka kumutumizira ndalama. Kodi titani?

Mayi wodandaula,
Lilongwe.

Mayi,

Mwanayo sadalakwe, ndipo bambowo aupeze mtima. Sukulu zimenezi sizilabadira udindo wa wolemba kalata. Zimafuna munthu amene wamuona mwanayo akuphunzira kapena akugwira ntchito. Kalata ya wachibale saiwerengera n'komwe, chifukwa palibe malume amene anganene zoipa za mphwake.

Ku America maphunzirowa ndi a zaka 4, munthu atamaliza kale digiri yoyamba. Mafomu amadzera pa intaneti ku OptomCAS, komwe amalandira makalata osaposa 4. Ndiye malo ndi ochepa, osawaseweretsa.

Woyamba akhale katswiri woyeza maso ndi kulembera anthu magalasi, amene mwanayo wakhala akumutsatira pantchito yake. Iyeyu ndiye anganene mmene amalankhulira ndi odwala komanso ngati amasunga nthawi. Dziwaninso kuti katswiriyu ndi wosiyana ndi dokotala wochita opaleshoni ya maso, ndipo sukulu zina zimanenetsa kuti zikufuna kalata ya woyeza masoyo basi.

Wachiwiri akhale mphunzitsi wa sayansi amene adamuphunzitsa ndi kumuchongera mayeso. Bola mphunzitsi wamba womudziwa bwino kusiyana ndi pulofesa wotchuka amene sangamuzindikire n'komwe atakumana pamsewu. Wachitatu atha kukhala bwana wa komwe amagwira ganyu kapena ntchito yodzipereka. Abusa angalembe pokhapokha ngati adamuyang'anirapo pantchito yotere, ndiponso ngati sukuluyo ikulola.

Sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake, choncho ayambe wawerenga. Paja safunsa adadya phula. Popempha afunse mosabisa kuti: "Kodi mungandilembere kalata yamphamvu?" Munthu akayamba kujejema, amusiye, chifukwa kalata yozizira imagwetsa. Awapatse mwezi wathunthu kapena kuposerapo, pamodzi ndi zotsatira za mayeso ake. Olembawo amatumiza okha makalatawo, ndipo ndi bwino mwanayo avomere kuti sadzawawerenga, popeza sukulu zimakhulupirira kwambiri kalata yachinsinsi. Asachedwenso, chifukwa sukulu zambiri zimayamba kusankha mafomu akamafika.

Tsono inu mayi, akhazikeni pansi bambo akunyumba madzulo atadya, muwalongosolere zimenezi modekha. Kudula chithandizo pano n'kuwononga zonse zomwe mwavutikira. Amalumewo musawanyoze, auzeni mwaulemu kuti malamulo ndiwo akukana. Ngati akufunadi kuthandiza mphwawo, ndalama zolipirira mafomu ndi mayeso a OAT zikudikira. Abusa nawo apitirize kumupempherera.

Azakhali.