Shock ikafa, olipila ndimwe a pa msika

Amai na atate a pa msika wa Chifubu,

Mawa mukakwela Canter kupita kukaoda matimati ku Masala, tchelani khutu pansi pa motoka. Ngati ilila "gu-gu-gu" pa dzenje lililonse, dziwani kuti phokoso limenelo lizafika mpaka m'chikwama chanu.

Motoka iliyonse yonyamula anthu kapena katundu ifunika fitness ya ku RTSA. Woyeza amagwedeza tayala, amasuzumila pansi, ndipo zimene amapeza nthawi zambili ni zimodzimodzi. Ma shock otaya mafuta. Ma bush a labala ong'ambika. Ball joint na tie rod end zogwedela. Pa Canter, spring yothyoka chifukwa cha matumba opitilila muyeso. Matayala odyeka mbali imodzi nawonso amaulula kuti pansi pali vuto.

Izi si nkhani za amakanika chabe. Shock yakufa imachititsa tayala kudumphadumpha, ndiye dalaivala akaponda buleki motoka imachedwa kuima. Tie rod end ikagwedela, steering siimvela bwino. Ball joint ikachoka, tayala limapindikila mkati motoka ili pa liwilo, imwe muli pamwamba pa makileti. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma ball joint imaimba masabata ambili isanachoke. Ise ndife timatseka makutu.

Manje chimadya zitsulo zimenezi n'chiyani? Katundu wolemela, inde, koma makamaka maenje. Mvula ikayamba mu November, mumaiona mweka miseu ya mu komboni mmene imakhalila. Mwini motoka akagula ma shock atsopano salila yekha. Amakweza mtengo wonyamulila kileti, ndipo phindu lanu la tsiku lonse limathela pa transport. Kudumpha komweko kumaphwanya matimati na mazila musanafike pa tebulo. Mwaluza kawili.

Ndalama za miseu timapeleka. Pali road tax. Pali toll gate ya Michael Chilufya Sata pakati pa Ndola na Kitwe. CDF inakwela kuchoka pa K1.6 million kufika pa K25.7 million mu 2022. Ngati boma lili na mphamvu yoyeza motoka ya munthu wosauka, lizitiuzanso amene amayeza mseu umene unaiononga. Funso limeneli lipite kwa khansala wanu, kwa MP, na ku Ndola City Council, m'kalata yosainidwa na komiti ya msika, yochula mseu uliwonse na dzina lake.

Koma tisanamizane, mseu woipa si chifukwa chogulila fitness pa khomo la kumbuyo. Pepala logula siligwila tayala. A dalaivala, inunso muli na ana kunyumba, sinthani bush ikali yochipa isanadye ball joint na matayala.

Imwe amai, musanakweze katundu, yang'anani. Motoka yapendekela mbali imodzi? Shock yanyowa mafuta? Mukakanikiza pa kona ya taxi n'kusiya, ipitiliza kuvina? Dikilani ina. Mukakana muli khumi, mwini wake azapita ku galaji sabata yomweyo, chifukwa ndalama yake ili m'manja mwanu.

Mugulitse bwino, mufike bwino kunyumba.

Mlembi wa achinyamata