Makina ofufuzira ndalama zakale: mpamba wanu usathere mumchenga

Amalonda anzanga, sabata ino tisiye kaye za mtengo wa usipa. Pa Facebook pachuluka makanema a azungu akuyenda m'mphepete mwa nyanja atagwira makina ofufuzira zitsulo, aja amati metal detector. Makina akalira, munthu n'kukumba, n'kuvumbulula ndalama yakale. Mnyamata wina wogulitsa machaja pamsika pathu wayamba kufunsa mtengo wa makinawa, akuti athirepo mpamba wake wonse. Ine ndamuletsa.

Makina sabala chuma. Ku Florida, ku America, anthu amatoladi ndalama zasiliva pagombe chifukwa mu July 1715 namondwe anamiza zombo 11 za dziko la Spain zomwe zinanyamuka ku Havana zitadzaza siliva ndi golide. Zombozo zili pomwepo, ndipo mphepo ikakalipa mafunde amakankhira ndalama kumtunda. N'chifukwa chake gombelo amalitcha Treasure Coast. Pomwe sipanamire chombo chotere, makina amalirira zotsekera mabotolo, misomali ndi zitini zadzimbiri. Masiku obwerera chimanjamanja sawajambula kanema.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi ife ogula ndi kugulitsa. Ku England lamulo la Treasure Act la 1996 limati wopeza chuma chakale akanene kuboma pasanathe masiku 14. Terry Herbert anatero mu 2009 atapeza golide m'munda ku Staffordshire. Chumacho anachiyika pa mapaundi oposa 3 miliyoni, ndipo anagawana ndi mwini munda. George Powell ndi Layton Davies anapeza chawo ku Herefordshire mu 2015, anabisa, n'kuyamba kugulitsa mwakabisira. Mu 2019 analowa m'ndende. Apa ndiye tcherani khutu: Simon Wicks, wamalonda amene anawathandiza kugulitsa ndalamazo, naye anamugamula zaka 5. Khasu sanagwire, koma mlandu unamupeza pa benchi yake.

Kwathu kuno lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale, ndipo munthu sangangozifukula kapena kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo. Choncho wina akakubweretserani mikanda, mphika kapena chitsulo chomwe akuti wafukula, mufunseni kuti wachitenga kuti. Akayamba kuzengereza, musiyeni apite. Katundu amene simungathe kufotokoza komwe wachokera, simungamugulitsenso poyera.

Nanga makobiri aja oboola pakati a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, okhala ndi njovu ziwiri? Ambiri tili nawo m'zitini za agogo. Anawapanga ochuluka zedi, kotero wokuuzani kuti limodzi lingagule galimoto akufuna kukudyerani. Kawirikawiri amayamba n'kupempha kangachepe ka "kuyezetsa". Mlendo wofuna chikumbutso angagule pa mtengo wabwino ndithu, koma wa ndiwo, osati wa nyumba. Ndipo musawakweche ndi phulusa kapena mandimu kuti awale. Osonkhanitsa ndalama zakale amafuna khungu lake lakalelo. Kobiri lokwechedwa limagwa mtengo.

Mnyamata wa machaja uja ndamuuza kuti ndalama ya makinayo akapikule nayo katundu wina ku Limbe. Sanandiyankhe. Dzulo ndinamupeza akuoneranso kanema yemweyo.