Mfuti siphonya, amaphonya ndi mwini wake

Tsiku lina ndidakhala pa bawo ndi mkulu wina wa golosale yemwe adali atangolandira kumene chilolezo chosunga kamfuti ka m'thumba. Mkuluyu adatitayitsa nthawi ndi kutamanda kamfuti kakeko. Akuti kakhoza kuboola chitsekerero cha botolo pa mtunda wa mamita 25. Nditawafunsa kuti chigulireni awombapo kangati, adati kawiri. Abale anga, ndidachita mantha, ndipo amene ndidamuopa ndi mkuluyo.

Tiyeni tinene chilungamo. Mfuti yodzitetezera siifuna luso lolasa njiwa pamwamba pa mtengo. Wachifwamba sakuimirira kutsidya kwa bwalo la mpira. Amakupeza pakhomo, kuchipinda kapena pa zenera la galimoto, mapazi owerengeka kuchokera pamene waima. Pa mtunda woterewu mfuti iliyonse yosawonongeka imatha kuponya zipolopolo zake zonse pa malo okula ngati mbale ya nsima. Zimenezo n'zokwanira. Wogulitsa amene akuti muwonjezere ndalama chifukwa mfuti yake imalasa khobidi patali angofuna kukudyerani.

Vuto lili pa dzanja logwira mfutiyo. M'chaka cha 1983 wapolisi wa ku Salt Lake City ku America, Dennis Tueller, adaonetsa kuti munthu wonyamula mpeni akhoza kuthamanga mamita 6 ndi kukufika pa sekondi imodzi ndi theka. Kodi nthawi yotsinzina diso limodzi ndi kuloza bwinobwino ilipo pamenepo? Mtima ukugunda ngati ng'oma, manja akunjenjemera, kunja kuli mdima.

Taonani zimene zimawachitikira ngakhale ophunzitsidwa. Bungwe la RAND mu 2008 lidapeza kuti pakati pa 1998 ndi 2006, apolisi a ku New York akamawomberana ndi zigawenga, zipolopolo 18 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkalasa. Mu 2012, pafupi ndi nyumba ya Empire State mumzinda womwewo, apolisi awiri adawomba zipolopolo 16 pofuna munthu mmodzi. Adamupha ndithu, koma anthu 9 ongodutsa ndi njira adavulala. Nanga mkulu wathu wa golosale amene wawombapo kawiri adzatani?

Madzi akatayika sawoleka. Chipolopolo chophonya sichibwerera mu mfuti, chimapitirira mpaka chipeze pofikira. M'makomboni mwathu muno nyumba n'zothithikana, zitseko n'zamatabwa, ndipo kuseri kwa chitsekocho kwagona mwana wa mnzako.

Komanso kulasa pakokha si nzeru. Pa 14 February 2013 ku Pretoria, katswiri wothamanga Oscar Pistorius adawomba zipolopolo zinayi pa chitseko chotseka cha chimbudzi. Zitatu zidalasa. Mfuti idagwira ntchito yake bwino lomwe, koma yemwe adali kuseri kwa chitsekocho ndi bwenzi lake, Reeva Steenkamp, ndipo adafa. Pistorius adauza khoti kuti ankayesa mbava. Mu 2015 khoti la apilo lidamupeza wolakwa pa mlandu wakupha. Munthu wowombera chinthu chimene sakuchiona ndi woopsa kuposa wophonya.

Ndikudziwa ena anena kuti ndikuikira kumbuyo mbava. Ayi ndithu. Munthu ali ndi ufulu woteteza moyo wake ndi banja lake. Koma ufulu wokhala ndi moyo umene tidaulemba m'malamulo aakulu a dziko lino mu 1994 sudalembedwere eni mfuti okha. Ndi wa mlonda wako, wa mkazi wako wotuluka usiku kukataya madzi, ndi wa mwana wa mnzako uja.

Tsono pempho langa kwa opereka zilolezo ndi ili: musapereke kapena kuwonjezera chilolezo musanamuone munthuyo akuwomba ndi maso anu. Muikireni mbale ya nsima pa mamita 6, mumufulumizitse, ndipo zipolopolo zonse zigwere m'mbalemo. Mumufunsenso kuti adzatani akamva phokoso kuseri kwa chitseko. Akayankha kuti adzawombera, abwerere kwawo chimanjamanja.

Kwa inu akulu a golosale, zisiyeni za chitsekerero cha botolo. Ndalama zimene mukufuna kugulira mfuti ina yapamwamba mugule tochi yowala bwino, zotsalazo mulipire wokuphunzitsani. Kufikira mutatero, ine usiku sindidzagogoda pakhomo panu, ngakhale patagwa maliro.