Masitolo a ZCBC Anatha, Koma Phunziro Lao Likalipo

M'komboni ya Chipulukusu, mu mzinda wa Ndola ku Migodi, mtengo wa unga ukakwera pamamveka mau amodzimodzi pakati pa akuluakulu. Iwo amati masiku a ZCBC ndiwo anali masiku, pakuti munthu anali kulowa m'sitolo ndi ndalama zocepa natuluka ndi shuga, saladi ndi sopo. Mau otere amamvekanso m'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke, makamaka kwa iwo amene anagwirapo nchito m'matauni nabwerera kwao. Acinyamata amene anabadwa masitolowo atatsekedwa kale amamva nkhaniyi monga nthano cabe. Nkoyenera tsono kuifotokoza yonse, zokoma zace pamodzi ndi zowawa zace, pakuti mtundu umene ukumbukira theka la mbiri yace ukhoza kugwanso m'dzenje limene unaturukamo.

Masitolo amenewa anayamba ndi cilengezo ca pa 19 April 1968. Tsiku limenelo, pa msonkhano wa cipani ca UNIP ku Mulungushi pafupi ndi Kabwe, mtsogoleri wa dziko Dr. Kenneth Kaunda ananena kuti Boma lidzatenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani ena akuluakulu. Pa mndandandawo panali masitolo a CBC, a OK Bazaars ndi a Mwaiseni. Kucokera m'masitolo a CBC munabadwa Zambia Consumer Buying Corporation, imene anthu anaizolowera ndi dzina lacidule la ZCBC, ndipo pambuyo pace kunadzanso masitolo a NIEC. Onsewa anali kugulitsa unga, shuga, mcere, sopo, saladi ndi makandulo pa mitengo yoikidwa ndi Boma.

Colinga cace cinali cabwino, ndipo palibe cifukwa cocibisira. M'masiku a utsamunda munthu wakuda anali kugula katundu pa kazenera ka m'mbali m'masitolo ambiri a Azungu, osaloledwa kulowa pakhomo. Mcitidwe umenewu ndiwo unacititsa cipani ca African National Congress ca a Harry Nkumbula kuuza anthu, m'zaka za m'ma 1950, kuti aleke kugula m'masitolo ndi m'mabuchala otere. Cotero pamene mai wa m'komboni analowa pakhomo la sitolo yaikulu, nadzisankhira yekha katundu, nalipira mtengo umodzi ndi mkazi wa bwana, iye anaona ufulu ndi maso ace. Akuluakulu a ku Chipulukusu sanama pamene akumbukira ulemu umenewo.

Koma mitengo yotsikayo inali ndi mwini wace woilipira, ndiye mkuwa. Pa ndalama zonse zakunja zimene dziko linali kupeza, zoposa magawo 90 pa 100 zinali kucokera ku migodi. M'caka ca 1973 malire ndi dziko la Rhodesia anatsekedwa, ndipo caka comweco mtengo wa mafuta a galimoto unakwera kwambiri pa dziko lonse lapansi. Pofika 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Mafakitale a mu Ndola, monga ROP imene inali kupanga saladi ndi sopo, anayamba kusowa ndalama zakunja zogulira zipangizo. Lamulo silinali kuwalola kukweza mitengo monga mwa zimene anaononga popanga katunduyo, motero anapanga wocepa. Mtengo wolembedwa pa shelefu unakhalabe wotsika, koma pa shelefupo panalibe kanthu.

Apa ndi pamene anthu a ku Chipulukusu anamva kuwawa koposa anzao. Komboni imeneyi, imene ichedwanso Mapalo, inamangidwa ndi anthu eni ace popanda mapulani a Kanselo, ndipo ambiri okhalamo anali a maganyu ndi a malonda ang'onoang'ono. Wogwira nchito mu mgodi anali kulandira unga wothandizidwa ndi kampani yace, koma wa maganyu analibe womuthandiza. Mbiri ikamveka kuti shuga wafika, mai anali kulawira mbandakuca, mwana kumsana, kuyenda mtunda kufikira m'kati mwa tauni kukaima pa mzere. Dzuwa likafika pamutu katundu anali kutha iye akali panja. Amene anali ndi mbale wace m'sitolo, kapena anyamata amphamvu omuimira pa mzere, ndiye anali kugula zambiri. Madzulo katundu yemweyo anali kupezeka pa msika wakuda m'komboni, pa mtengo wokwera kwambiri. Wina anali kuoloka malire, pakuti Ndola ali pafupi ndi dziko la Zaire, limene lero lichedwa Congo, kumene unga ndi shuga wa ku Zambia zinali kugulidwa ndi ndalama zambiri. Thandizo limene linaikidwira wosauka linali kuthera m'thumba la wocenjera.

Mlimi wa kumudzi nayenso anali m'nkhaniyi, ngakhale sitolo ya Boma inali kutali ndi iye, ku boma. Unga wochipa wa ku Ndola ndi ku Kitwe unali kucokera ku cimanga ca m'munda mwace. Bungwe la NAMBOARD, limene linakhazikitsidwa mu 1969, pamodzi ndi makopaletivu, ndiwo anali kugula cimangaco m'matumba a makilogalamu 90 pa mtengo woikidwa ndi Boma. Zoona, mlimi anapindulapo: feteleza anali wochipa, ndipo mtengo wa thumba unali umodzi, kaya munthu alima pafupi ndi njanji kaya ku Lundazi. Komabe mtengowo unali kusungidwa pansi kuti wa m'tauni adye mosabvuta. Zaka zambiri matumba anali kufika mocedwa, malipiro nao kucedwa, ndipo cimanga cina cinali kubvumbwa ndi mvula pa madepoti cifukwa cosowa malole. Mlimi atalandira ndalama zace, mcere ndi sopo zinali zosowa m'sitolo ya pamudzi. Iye anadyetsa tauni, koma katundu wa m'tauni anali kumufika wotsiriza.

Kusiyana kwa mtengo umene Boma linali kugulira cimanga, kucinyamula ndi kucigaya, ndi mtengo umene linali kugulitsira unga, kunali kukwiriridwa ndi ngongole zakunja. Makolo anati mlandu suola. Mu October 1985 Boma linayamba kugulitsa ndalama zakunja pa okushoni, ndipo Kwacha inagwa kucokera pa K2 ndi pang'ono pa dola imodzi kufika pa K21 mu April 1987. Mu December 1986 mtengo wa unga wa bulekifasi unakwezedwa ndi magawo 120 pa 100, ndipo unga wa rola unasowa m'masitolo. Cipolowe cinabuka m'matauni a ku Migodi, mu Kitwe, Ndola ndi kwina, masitolo anaphwanyidwa, ndipo anthu osacepera 15 anataya miyoyo yao. Boma linabweza mtengo wakale nilanda zigayo zikuluzikulu. Pa 1 May 1987 linaleka mapangano ace ndi bungwe la IMF. Mu 1989 kunabwera makuponi a unga, amene anali kupatsidwa kwa a m'matauni okha, ndipo caka comweco NAMBOARD inathetsedwa. Mu June 1990 mtengo wa unga unakweranso, mwazi nukhetsedwanso, makamaka mu Lusaka.

Masankho a pa 31 October 1991 anabweretsa Boma la MMD lotsogoleredwa ndi a Frederick Chiluba, amene anagwira nchito zaka zambiri mu Ndola momwemo. Mitengo inamasulidwa, ndipo mu 1992 kunakhazikitsidwa bungwe logulitsa makampani a Boma. Masitolo a ZCBC anatsekedwa pamodzi ndi a NIEC ndi a Mwaiseni, anchito ace nakhala pa ulova. Mu 1995 kampani ya Shoprite ya ku South Africa inagula zina mwa nyumba zao nitsegula sitolo yace yoyamba mu mseu wa Cairo mu Lusaka. Moyo wonse wa masitolo a Bomawo sunakwane zaka 30.

Lero mashelefu ali odzaza, ndipo palibe amene aima pa mzere cifukwa ca sopo. Koma wosauka wa ku Chipulukusu sanapumule. Iye alibe ndalama zogulira thumba la makilogalamu 25 nthawi imodzi, cotero amagula pa kantemba timapaketi ta unga tochedwa pamela, saladi wa m'kapulasitiki ndi shuga wa pa supuni. Akawerengera pa kutha kwa mwezi, iye walipira zambiri pa kilogalamu imodzi kuposa wolemera amene anagula thumba lathunthu. Kale katundu anali wochipa koma wosaoneka. Tsopano aoneka koma dzanja silimufika. Ici ndico cifukwa cace dzina la ZCBC silinafe m'makomboni, ndipo amene aseka akuluakuluwo sadziwa kulemera kwa mphika wopanda ndiwo.

Nzeru ya mitengo yotsika imabweranso nthawi ndi nthawi, monga pamene a Zambia National Service anayamba kugulitsa unga wa Eagles mu 2023. Kuthandiza wosauka si colakwa, ndipo ndi udindo wa Boma lililonse. Koma walira mvula walira matope. Aliyense wopempha kuti masitolo a mtundu uja abwerere ayenera kuyamba wayankha mafunso atatu. Loyamba: kodi ndalama zotsitsira mtengo zidzacokera kuti, ku zokolola za dziko kapena ku ngongole? Laciwiri: kodi katunduyo adzafika m'manja mwa mai wogula pamela, kapena adzathera kwa ogula zambiri ndi ozembetsa pa malire? Lacitatu: kodi mlimi adzalandira mtengo wokwanira thukuta lace, ndiponso pa nthawi yace? Masitolo a ZCBC anagwa cifukwa mafunso amenewa analibe mayankho okhalitsa.

Kwa alimi a m'cigawo ca kum'mawa phunziro lace nlapafupi. Unga umachipa koona pamene cimanga cacuruka m'dziko, ndipo cimacuruka pamene wolima aona phindu. Banja lisagulitse zokolola zonse kwa amalonda oyendayenda m'mwezi wa May, kuopa kudzagula unga wodula mu January. Liyambe ladzaza nkhokwe, ndipo zotsala ligulitse pamodzi ndi anzace m'kopaletivu, kumene mau a ambiri amalemera pokambirana mtengo. Pamene nkhokwe za m'midzi zili zodzaza, nawonso ana a ku Chipulukusu adzagona atakhuta.