Manyumwa Awiri a ku Dublin

Pa 19 Julaye 1984, mayi wina anafika pa kauntala m'sitolo ya Dunnes Stores, mu msewu wa Henry Street mumzinda wa Dublin, atanyamula manyumwa awiri ochokera ku South Africa. Mtsikana wolandira ndalama, Mary Manning, wa zaka 21, anakana kuwagulitsa. Sanachite zimenezi mwa maganizo ake okha: bungwe lake la apantchito, IDATU, linali litalamula mamembala ake kuti asakhudze katundu aliyense wochokera ku dziko la tsankho lija. Iye anangomvera. Mabwana anamuimitsa ntchito tsiku lomwelo, ndipo anzake ena, motsogozedwa ndi Karen Gearon, anatuluka naye limodzi. Ambiri anayesa kuti ndi sitalaka ya masiku ochepa, koma inatha zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi inayi.

Nkhaniyi njofunika kuti atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi ogwira ntchito m'Boma, aidziwe bwino, chifukwa mawu akuti umodzi amatchulidwa pa msonkhano uliwonse koma mtengo wake sutchulidwa kawirikawiri. Achinyamata a ku Dublin aja analipira mtengowo. Pa nthawi yonse ya sitalaka ankalandira mapaundi 21 okha pa mlungu kuchokera ku bungwe lawo. Ankaima pakhomo pa sitolo ndi zikwangwani, mvula ikugwa, m'chisanu cha ku Ireland, anthu ena akuwanyoza nalowa kukagula. Sankamenyera malipiro awo kapena maola awo a ntchito. Ankamenyera anthu akuda othyola zipatso m'minda ya kutali, amene sanawaonepo nkhope.

Ndipo nzoona kuti poyamba sankadziwa zambiri za South Africa. Amene anawaphunzitsa ndi Nimrod Sejake, mtsogoleri wa apantchito amene anaimbidwa mlandu woukira boma mu 1956 pamodzi ndi Nelson Mandela, nathawira kunja mpaka kukapezeka ku Dublin. Mkuluyu ankabwera kudzaima nawo pakhomo paja, nkumawafotokozera za chitupa, za migodi, ndi za mabanja olekanitsidwa ndi lamulo. Chimene chinayamba monga kumvera lamulo la bungwe chinasanduka chikhulupiriro chawo. Apa pali phunziro kwa aliyense wofalitsa mfundo za Chipani: munthu amamvera lamulo kwa masiku owerengeka, koma amapirira zaka pokhapokha atamvetsa chifukwa chake.

Mu Disembala 1984, Bishopu Desmond Tutu, ali pa ulendo wokalandira mphotho ya Nobel ku Oslo, anakumana ndi ena mwa iwo ku London, ndipo pambuyo pake anawaitana kuti akadzionere okha. Atafika pa bwalo la ndege la Jan Smuts ku Johannesburg mu Julaye 1985, anasungidwa ndi asilikali a mfuti nabwezedwa kwawo osaloledwa kulowa m'dzikomo. Boma lokhala ndi gulu lankhondo lamphamvu chotere linaopa ogulitsa m'sitolo! Manyaziwo anamveka m'manyuzi a maiko ambiri. Potsiriza Boma la Ireland linaletsa kuitanitsa zipatso ndi ndiwo zamasamba kuchokera ku South Africa, ndipo sitalaka inatha mu Epulo 1987. Mandela atatuluka m'ndende mu Febuluwale 1990, anafika ku Dublin mu Julaye chaka chomwecho nakumana nawo. Koma Mary Manning anavutika kupeza ntchito kwawo, kotero kuti anasamukira ku Australia kwa zaka zingapo.

Wina angafunse kuti nkhani ya ku Ireland ikukhudza bwanji Malaŵi. Wofunsa chotero waiwala amuna zikwizikwi a dziko lino amene anapita ku Joni pa Wenela, nagwira ntchito pansi pa malamulo omwewo amene achinyamata a ku Dublin ankawakana. Waiwala anthu 74 a dziko lino amene anafa pa ngozi ya ndege ku Francistown mu 1974 akubwerera kuchokera ku migodi. Waiwalanso kuti Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la ICU ku Cape Town mu 1919 natsogolera sitalaka ya pa doko chaka chomwecho, anali mwana wa ku Nkhata Bay. Iye anali mlendo m'dziko la eni, komabe anasenza mavuto a apantchito a kumeneko monga ake. Makolo anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo sanafunse kuti ndevuzo nza fuko lanji.

Ngongole imeneyi siinathe. Mu 2008 ndi mu 2015 anthu a dziko lino anathamangitsidwa m'makomboni a ku South Africa chifukwa chokhala alendo, ndipo mu 2015 Boma linatumiza mabasi kukawatenga. Ena mwa eni dziko kumeneko anaguba m'misewu ya Durban ndi Johannesburg kudzudzula nkhanzazo. Amenewo ndiwo a Mary Manning a masiku ano, ndipo ayenera kuthokozedwa poyera.

Tsono mkulu wa ofesi amene bungwe la apantchito lamulembera kalata yopempha chilolezo cha msonkhano wogwirizana ndi anzawo a kunja, asaiike kalatayo pansi pa mafailo poganiza kuti ndi chipwirikiti cha alendo. Aiyankhe msanga monga mwa lamulo. Wogwira ntchito pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza, polandira m'bale wobwerera ndi chikwama chimodzi, asamufunse mwachipongwe chimene anapitira. Ndipo wapampando wa nthambi, pokonza mawu a pa 1 Meyi, Tsiku la Apantchito, aikemo dzina la Kadalie ndi la Sejake, nafotokoze kuti mapaundi 21 pa mlungu anali malipiro a anthu otani.