Ophunzira za Bizinesi Asanyoze Macroeconomics

M'makoleji mwathu muli chizolowezi choipa. Ophunzira ambiri a digiri ya bizinesi amaona phunziro la macroeconomics ngati mpanda wongofunika kudumpha: kuloweza, kukhoza mayeso, kenaka kuiwala. Amati chaphindu ndi akawunti ndi luso lotsatsa malonda. Ine ndikuti akulakwa, ndipo kulakwa kwawoko tidzalipira ndife tonse.

Macroeconomics ndi phunziro la chuma cha dziko lonse: kukwera kwa mitengo, chiwongoladzanja, misonkho, ngongole za boma ndi mphamvu ya ndalama. Kwathu kuno izi si nthano za m'buku ayi. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 idafika pa K1,700. Wamalonda woitanitsa katundu wa madola 1,000 adayenera kusaka K520,000 yapadera pa katundu yemweyo. Wa akawunti amalemba kuluza zinthu zitaonongeka kale. Wodziwa macroeconomics akadaona mitambo mvula isanagwe. Dziko logula mafuta, feteleza ndi mankhwala kunja, koma lodalira kwambiri fodya kuti lipeze madola, likamagula zambiri kuposa zimene likugulitsa, ndalama yake imagwa basi. Zidachitika mu 1994 boma litausiyira msika kuti uziika mtengo wa kwacha, zidachitikanso mu 2012 ndi mu 2022.

Palinso nkhani ya ngongole. Boma likamabwereka kwambiri kumabanki a m'dziko momwe muno, mabankiwo amakonda kukongoza boma kusiyana ndi mwini chigayo wa ku Ndirande. Chiwongoladzanja chimakwera, ndipo bizinesi yaing'ono imafa ili chilili. Kodi manijala wosamvetsa zimenezi adzalangiza bwanji kampani yake?

Ena adzati amayi a mumsika wa Limbe amachita geni popanda digiri. Nzoona. Koma amayiwo sakhala pa mipando ya mabanki ndi ya ku Capital Hill. Okakhala pamenepo ndi ophunzira a lerowa, ndipo safunsa adadya phula.

Aphunzitsi nawonso ali ndi mlandu. Buku la John Maynard Keynes la 1936 lidalembedwa poganizira mafakitale otsekedwa ndi ulova wa ku Britain ndi ku America. Wophunzira wa ku MUBAS ku Blantyre kapena wa ku Zomba alidziwe ndithu, koma apatsidwenso bajeti ya boma lathu ndi malipoti a Reserve Bank kuti awasanthule m'kalasi. Pamayeso afunsidwe kufotokoza m'Chichewa chomveka chifukwa chimene sopo amakwerera mtengo kwacha ikagwa. Wolephera kufotokozera amayi ake zimenezi ndiye kuti iyenso sadamvetse, ndipo nduna ikadzawerenga manambala onama adzakhala woyamba kuwomba m'manja.