Kodi kompyuta imadziwa bwanji pofunika kuganiza mozama pa chesi?

Pa 12 Disembala 2024, ku Singapore, mnyamata wa zaka 18 wa ku India, Gukesh Dommaraju, anakhala katswiri wa dziko lonse pa masewera a chesi, amene pa Cipwitikizi timati xadrez. Anagonjetsa Ding Liren wa ku China. Masewera awo omaliza ankaoneka kuti atha popanda wopambana. Kenaka Ding anasuntha nsanja yake kuti adyerane ndi nsanja ya mnzake. Nthawi yomweyo, mapulogalamu a kompyuta anasonyeza anthu oonera pa intaneti kuti Ding wagwa. Posakhalitsa iye anavomera kuti wagonja.

Mwina mukuti, "Aa, si makina amenewo? Amawerengera zonse basi." Iyayi, sangathe. Woyamba kusewera amakhala ndi njira 20 zosankha. Mnzake nayenso 20. Aliyense akasuntha kamodzi, bolodi likhoza kuoneka m'njira 400. Aliyense akasuntha katatu, njirazo zimapitirira mamiliyoni 119. Ngakhale Deep Blue, kompyuta ya kampani ya IBM imene inagonjetsa Garry Kasparov ku New York mu 1997, sinkafika kumapeto kwa njira zonse. Komatu inkayang'ana mabolodi pafupifupi mamiliyoni 200 pa sekondi imodzi.

Conco pulogalamu imadziikira malire. Tinene kuti yaganiza zoyang'ana masitepe khumi kutsogolo, kenaka iime n'kuona amene zikumuyendera. Vuto lili pamalirepo. Bwanji ngati pa sitepe yakhumi mwadya kamsilikali ka mnzanu, koma pa sitepe yotsatira iye akudyerani mfumukazi? Pulogalamu yoima pakhumi ikondwera, osadziwa kuti yalowa mumsampha.

N'cifukwa cake amisiri anaiphunzitsa malo amene siyenera kuimapo. Oyamba ndi pamene kudyerana kuli mkati. Pamenepo imatsatira mpaka kudyeranako kutatha ndipo bolodi lakhala bata. Aciwiri ndi pamene mfumu yaopsezedwa. Mwini mfumuyo amakhala ndi mayankho ocepa, ndiye kuwatsatira patali sikudya nthawi. Acitatu ndi pamene njira imodzi yokha ndiyo ikuoneka yabwino kuposa zina zonse. Ngati ciyembekezo conse cili pa njira imodzi, m'pofunika kuiyesa ngati ndi yolimbadi. Deep Blue inkagwiritsa nchito nzeru imeneyi.

Nanga nthawi yozamira pamenepa imacokera kuti? Imacokera ku njira zooneka zopanda pake. Stockfish, pulogalamu yaulere imene anthu amaika ngakhale m'telefoni, imayamba yandandalika njira, zooneka zabwino patsogolo. Za kumapeto kwa mndandanda imangoziyang'ana pang'ono. Koma ina ikadabwitsa, n'kuoneka yabwino kuposa mmene imayembekezera, imabwererako n'kuiyang'ananso mozama.

Tibwerere kwa Ding. Nsanja zitadyerana, bishopu wake anali pakona, wopanda kothawira. Gukesh anamukakamiza kuti mabishopu nawonso adyerane. Panatsala mafumu ndi tiasilikali, ndipo Gukesh anali ndi kamodzi koposa mnzake. Mwaona? Panali kudyerana, ndiponso mayankho anali okakamiza. Awa ndi malo enieni amene pulogalamu siima.

Inu amene mumasewera nchuwa kapena bawo pansi pa mtengo ku Furancungo, nzeru imeneyi si yacilendo kwa inu. Simuwerengera maenje onse. Koma mukaona dzenje limene lingakudyetseni zambiri, kapena limene mnzanu angakuseseni nalo, mumaima n'kuwerengera ndi maso mpaka pamene mbeu yomaliza igwere.

Tsopano mwayamba kuwerenga, ndipo mapepala akubwera m'manja mwanu. Si onse ofuna mutu wonse. Cikwangwani ca m'mbali mwa msewu mungaciwerenge mukuyenda. Koma kontrato ya fodya ku Macanga, kapena ngongole ya feteleza wa mbatata ya kacewere ku Tsangano, ndi kudyerana. Mukulandira lero, mudzapereka mawa, ndipo mukasaina simungabwererenso. Musalekeze kuwerenga pamene alemba zimene mulandire. Pitirizani mpaka pamene alemba zimene mudzabweze, tsiku lake, ndi zimene zidzacitike mvula ikavuta. Wina akakuuzani kuti njira ndi imodzi yokha, sainani lero lomwe, dziwani kuti pamenepo m'pofunika kukhala pansi. Pemphani kupita nalo kunyumba pepalalo. Muliwerenge kawiri, kenaka mubwere nalo ku kalasi tidzaliwerengere limodzi.

Ding Liren ndi mmodzi wa anthu odziwa chesi kwambiri padziko lonse, ndipo anali atalimbana ndi Gukesh masewera 14. Ukatswiri wake unacoka pa kusuntha kumodzi kokha, pamalo amene ankaoneka ngati palibe coopsa.